Mkono wa Achimwene

Lachinayi masana a Medson, kochi wa timu ya besibo (mpira womenya ndi chibonga) ya mpingo wa Amalawi ndi Azambia okhala ku America, anatsika sitima kuchokera ku msonkhano wa kuntchito ku New York n'kulunjika ku Greenbelt kukaona mkulu wawo a Yotam, wotseka wa timuyo, bambo wa imvi amene amaponya mpira kumapeto kwa masewero anzake akatopa. Loweruka kunali masewero a wafawafa ku Wheaton, akuluampingo atanena kale kuti timu ikagonja besibo ithe, anthu abwerere ku mpira wamiyendo. Koma pakhomo anapezapo alamu awo a Gwendoline, akazi a a Yotam, ataima ngati chitseko chachiwiri.

"Odi, alamu."

"Eee. Manja m'thumba."

"Mwati bwanji?"

"Manja m'thumba, alamu, onse awiri. Mukatero mulowe."

A Medson anaika chikwama pansi n'kuyang'ana zikhatho zawo ngati akuziona koyamba. "Ndabwera kudzaona achimwene, osati kudzaba masipuni."

"Masipuni ali m'dirowa, sindikuwadera nkhawa. M'thumba."

Anapisa manja m'matumba a buluku n'kulowa chammbali, chikwama akuchikankha ndi phazi. Pabalaza panali malalanje okhaokha: patebulo, pamipando, pansi pa TV, ena m'beseni pafupi ndi zenera.

"Ha, mwatsegula msika ku Greenbelt osatiuza."

"Sitinatsegule. Tikadatsegula bwenzi akuchepa. Awa ndi a odwala."

"Odwala ndani? Munthu wangomva kaphewa kuwawa basi. Ali kuti wotseka wanga?"

"Wotseka wanu sindikumudziwa. Amuna anga ali kuchipinda, agona."

"Adzutseni, tikambirane za Loweruka."

"Loweruka adzakhala atadzuka. Mudzabwere."

A Medson anasuntha malalanje ndi chigongono n'kukhala m'mphepete mwa mpando. "Alamu, kodi mumaidziwa ntchito imene achimwene amagwira pa timu ija?"

"Ndimaidziwa bwino. Yunifomu yawo ndimachapa ndine, ndipo imada kumatako kokha. Amakhala pa benchi masana onse kutafuna njere za mpendadzuwa. Anzawo akatheratu, anthu atayamba kupinda mipando, iwo amadzuka, amakwera pa kachulu ka pakati pa bwalo kaja, amaponya kangapo, kenako aliyense amawayamika ngati alima munda wonse okha."

"Kumeneko ndiye kutseka masewero."

"Ndiye ndalakwitsa pati?"

"Simunalakwitse. Mwangochotsamo ulemu wonse."

"Munandifunsa za ntchito. Za ulemu simunandifunse."

"Chabwino. Tamverani pulani ya Loweruka, mwina mumvetsa chifukwa chake ndabwera ndi chikwama osayamba ndafika kwathu. A Chalwe ayamba kuponya. A Chalwe ali ndi mphamvu, koma ndi mphamvu za batire la foni yakale. Pofika pakati pa masewero amakhala akupuma ngati akwera phiri la Zomba atasenza njinga. Apo ndi pamene anyamata a tchalitchi cha anthu a ku Dominican amene tikusewera nawo aja amayamba kuuluza mipira yathu kupita kumsewu. Ndiye ndimadzutsa achimwene. Mpira wa achimwene umayenda ngati ukupita kumaliro. Womenya amazungulitsa chibonga mpira usanafike n'komwe, mpaka amagwa yekha. Zaka zonsezi palibe amene wautulukira."

"Pulani yabwino."

"Zikomo."

"Ikungosowa mkono."

"Mkono ulipo. Lolemba ndisananyamuke ndinalankhula nawo. Adokotala anati ndi kanthu kochepa: apume, aikepo ayisi, pofika Loweruka akhala ali gwa."

"Anaterodi. Lolemba."

"Ndiye?"

"Ndiye lero ndi Lachinayi."

"Kalendala ndili nayo, alamu."

"Nanga mukundifunsiranji?"

A Medson anafuna kuloza, koma anakumbukira kumene kuli chala. Analoza ndi chibwano. "Ndipo ndinawauza kalekale kuti asiye kukhala sikelo ya mpingo. Munthu aliyense wopita kumudzi, m'malo mogula sikelo yake, amakokera sutikesi kuno kuti a Yotam ainyamule, amuuze ngati idutse pabwalo la ndege. Ndi mkono woponyera, abale."

"Salakwitsa."

"Sindikukana."

"Ya mai Mubanga sanalakwitsenso. Atainyamula anati, 'Yapitirira.' Kenako anati, 'Mayo.'"

"Munali chiyani m'menemo?"

"Nsapato za ana, mafuta odzola, ndi zitsulo za galimoto ya mlongo wawo ku Lusaka."

"Zitsulo za galimoto. Bwanji sananyamule galimoto yonse?"

"Sikanalowa."

A Medson anatseka maso kwa kanthawi. "Komabe, imeneyo ndi nkhani ya Lamulungu. Adokotala anaona Lolemba, anati n'zochepa. Chasintha n'chiyani?"

"Uthenga wanu."

"Uthenga uti?"

"Wa pa gulupu ya mpingo. Ndinauloweza, chifukwa aliyense wolowa muno amayamba waunena. 'Abale ndi alongo, wotseka wathu wavulala pang'ono. Aliyense, ndikubwereza, aliyense, apite akawazonde ndi kuwalimbikitsa. Pasapezeke wotsala.'"

"Mawu abwino amenewo. Ndinawalemba ndili m'sitima, misozi ili lengelenge."

"Abwino kwambiri. Wotsala sanapezeke."

"Ndiye mpingo wathu uli ndi chikondi. Cholakwika n'chiyani?"

A Gwendoline anatola lalanje n'kuyamba kusenda mosafulumira. "Alamu, munthu akalowa m'nyumba ya mwini amatani?"

"Amapereka moni."

"Ndi chiyani?"

A Medson anayang'ana matumba awo, kenako alamu awo, kenako matumba.

"Aa, ayi. Moni suthyola mkono."

"Umodzi suthyola."

"Tafotokozani."

"Oyamba anali amayi a chigwirizano, Lachiwiri m'mawa. Iwo anagwira mwaulemu, aliyense atagwada. Koma atatha anayamba nyimbo, ndiye amuna anga anayenera kuomba m'manja. Nanga akhale chete ngati mlendo pa nyimbo yoimbira iwo omwe?"

"Kuomba m'manja si ngozi."

"Nanenso ndinatero. Madzulo oweruka kuntchito anafika, azibambo a ku Zambia aja. Moni wawo mumaudziwa: kugwira, kutembenuza, kugwiranso. 'Mudala, mulimbe, manje tiyembekeza imwe,' uku akugwedeza mkono ngati akupopa mjigo."

"Onse?"

"Munalemba kuti aliyense."

"Pitirizani."

"Kenako achinyamata obadwira kuno. Iwo sagwedeza."

"Chabwino, pali ena a nzeru."

"Amagwira dzanja, amakukoka, n'kukugunda phewa ndi phewa."

"Phewa liti?"

"Lomwelo. Linalo linali kukhoma."

A Medson anaimirira, anayenda mpaka pazenera, anaponda lalanje, anabwerera kudzakhala.

"Abusa anafika Lachitatu m'mawa," anatero a Gwendoline, akuika makoko m'mbale. "Anafunsa kuti mkono wovutawo ndi uti. Atauzidwa, anaugwira n'kuukweza m'mwamba kuti uoneke bwino kumene pemphero likupita."

"Pemphero lalifupi, ndikhulupirira."

"Abusa athu mumawadziwa. Anayambira kwa Abrahamu."

"Anathera pati?"

"Ndinatuluka kukaika tiyi ali ku Iguputo. Pobwera ndinapeza akuwoloka Yorodano, mkono uli chiimire."

"Koma ayisi munaikapo?"

"Ndinaikapo mpaka mai Mubanga atafika. Mtima unkawatsutsa chifukwa cha sutikesi, ndiye anabwera ndi thaulo lawo. Anawiritsa madzi, anayamba kuthowa, uku akukanda ngati akukanya mandasi. Ndinati adokotala anati ayisi. Anati adokotala a kuno sanakulire ku Chipata."

"Ndipo inuyo nthawi yonseyi munali kuti, mai mwini nyumba?"

"Pakhomo. Kutsegula."

"Osawauza kuti asagwire mkono?"

"Simunalembe zimenezo."

"Ndimayenera kulemba? Mwina ndikadalembanso kuti asawaponde pamutu."

"Pamutu sanawaponde. Pamenepo simunafunike kulemba."

"Alamu, nzeru zanu zinali patchuthi?"

"Zinalipo. Ndinayesa kwa mai busa. Ndinati, 'Mai, mwina moni wa pakamwa ungakwane.' Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kuphazi n'kundifunsa ngati America wandiphunzitsa kuti manja a abale ndi akuda. Ndinawatsegulira chitseko chonse."

"Ndiye achimwene akadapereka lamanzere."

A Gwendoline anasiya kutafuna. "Lamanzere."

"Pa nthawi ya ngozi, inde."

"Kwa abusa."

"Abusa ndi munthu womvetsa."

"Kwa apongozi a a Chalwe, amene atsika ndege sabata yatha kuchokera ku Ntcheu. Kuti pofika madzulo nkhani ikhale itafika kumudzi, yoti ana a malemu a Gomani akupereka moni ndi dzanja la kuchimbudzi. Inuyo mungapereke?"

A Medson anayang'ana kudenga.

"Ndikufunsa, alamu."

"Ine sindinavulale."

"Ndipo musaiwale kuti wolowa aliyense amatulukanso. Potsanzika, moni wina. A Katongo anaiwala makiyi a galimoto, anabwerera, anapereka wolowera ndi wotulukira kachiwiri."

"A Katongo anabwera?"

"Lachiwiri ndi Lachitatu. Anati tsiku limodzi silikwana kwa munthu wofunika chonchi."

"A Katongo a mikono ngati matayala a lole aja."

"Omwewo. Ali ndi mtima wabwino."

"Kwambiri," anatero a Medson. "Ndiye mkono uli bwanji?"

"Dzulo masana tinabwerera kwa adokotala. Anaunika, anandifunsa ngati agwa pa masitepe kapena agundidwa ndi galimoto. Ndinati ayi, azondedwa. Sanamvetse. Ndinafotokoza monga ndafotokozera inu. Anavula magalasi n'kukhala pansi."

"Anati chiyani?"

"Anati mnofu wa m'phewa wang'ambika. Mkono aukoleka m'khosi ndi nsalu. Usagwedezeke, usanyamule kanthu, usaponye kanthu, mpaka nyengo yozizira."

"Madokotala amakokomeza. Ndi ntchito yawo. Achimwene anaponyapo ali ndi chimfine, tinapambana."

"Saponyera mphuno."

"Awabaye jakisoni wopha ululu."

"Ululu ukafa mnofu umasokeka?"

"Aponye ndi lamanzere. Poponya palibe mwano."

"M'mawa uno ayesa kudya phala ndi lamanzere. Sipuni yapeza khutu."

"Ndiye angokaima pachulu paja, atavala yunifomu. Anyamata aja akangoona imvi zija amanjenjemera."

"Aime chabe?"

"Aime chabe."

"Mpira ufika bwanji kwa womenya? Aupereke kwa munthu akausiye?"

"Alamu, mukuseka nane."

"Sindikuseka. Malamulo a masewero anu sindiwadziwa onse. Mwina amalola."

A Medson anawerama, manja ali m'matumba. "Inu mukuona ngati ndi masewera. Ndi masewera, inde, koma tamverani. Timu imeneyi ndinaiyambitsa ndine, anthu akundiseka kuti Mmalawi ndi chibonga ndi zapachiweniweni za m'mudzi. Ndinawaphunzitsa kuthamangira kumanja. Chaka choyamba a Chalwe ankaukankha mpira ndi phazi. Lero tili mu ligi ya matchalitchi, ana athu amabwera kudzaonera popanda kuwakoka makutu. Tikagonja Loweruka, akuluampingo abwezera bwalo ku mpira wamiyendo. Kochi wa mpira wamiyendo mumamudziwa?"

"A Katongo."

"A Katongo. Ine ndizikawanyamulira madzi. Ine."

"Madzi si olemera. Amabwera m'mabotolo."

"Zikomo, alamu, mwandilimbitsa mtima."

"Musathokoze."

A Medson anapuma kwambiri n'kuwongoka. "Chabwino. Kochi weniweni salira. Achimwene akhala pa benchi. Wotseka akhala Themba. Ali ndi mkono ngati legeni."

"Themba wakana."

"Wakana kwa ndani? Ine sindinamufunse."

"Kwa amuna anga. Anabwera Lachiwiri, anawagwira dzanja ndi manja awiri, n'kulumbira kuti sadzaponda pachulu paja iwo ali moyo. Liwu lililonse ankalitsindika ndi kugwedeza."

"Chifukwa?"

"Amayi ake anamuimbira foni kuchokera ku Mzimba. Anati, 'Mkulu wapweteka mkono mosadziwika bwino, mawa iwe waima pamalo pake. Anthu adzati chiyani?'"

"Mosadziwika bwino? Sutikesi ilipo. Zitsulo zilipo."

"Nanenso ndinatero. Akuti sutikesi zinalipo chaka chatha, bwanji sizinawapweteke chaka chatha?"

"Themba amagwira ntchito kuseri kuno, kumene amatumiza zinthu kumwezi. Akukhulupirira zimenezo?"

"Akuti iye sakhulupirira. Koma amene amakhulupirira ndi amene amalankhula."

"Ndiye a Daniel. Munthu wa madigiri, wa ku banki yaikulu. Amenewo saopa foni ya kumudzi."

"A Daniel ndiye ali pamavuto kale. Wina anawaona Loweruka lapitali kuseri kwa nyumba yawo ku Arlington akuphunzira kuponya mpira woyenda pang'onopang'ono. Lamulungu amuna anga avulala."

"Ndinawauza ndine kuti aziphunzira."

"Tsitsani mawu pang'ono, makomawa ndi opyapyala."

"Ndiye a Daniel akuti bwanji?"

"Akuti sanagwirepo mpira chibadwire. Gulovu yawo apereka kwa ana a neba. Anabweretsa malalanje a m'beseniwo, onse, ndipo anapereka moni wautali kuposa aliyense kuti anthu aone kuti alibe mangawa."

"Koma abale. Anthu a masuti, oyendetsa chuma cha maiko, akuopa kachulu kadothi ku Wheaton." A Medson anagwedeza mutu, kenako anatsitsa mawu. "Komatu a Katongo aja. Kubwera kawiri. Kuiwala makiyi. Munthu amaiwala bwanji makiyi a galimoto imene wabwera nayo? Alamu, taganizani: timu ikatha apindula ndani?"

"Mwaona? Nanunso mwayamba."

"Ine sindikunena za kumudzi. Ndikunena za mikono."

"Nawonso onse amayamba choncho."

Kuchipinda kunamveka mkonono umodzi wautali, n'kuleka.

"Yankho lilipo," anatero a Medson mwadzidzidzi. "Lachikhalidwe. Loweruka masewero asanayambe, pamaso pa anthu onse, achimwene atenge mpira aupereke kwa Themba, anene kuti, 'Mwana wanga, ndakupatsa ndi mtima umodzi.' Pakamwa pa aliyense patsekeka. Ngakhale ku Mzimba."

"Maganizo abwino."

"Ndine kochi pachifukwa."

"Aupereke ndi dzanja liti?"

"Lamanja, nanga liti."

"Adokotala anati usagwedezeke, usanyamule kanthu."

"Mpira wa besibo ndi wolemera ngati lalanje limenelo."

"Lalanje ndi kanthu. Ndinawafunsa."

"Munafunsa adokotala ngati lalanje ndi kanthu?"

"Anali ambiri m'nyumba. Ndinafuna kudziwa."

"Ndiye aupereke ndi lamanzere."

"Madalitso a dzanja lamanzere, pamaso pa mpingo wonse. Themba adzathawa mpaka ku Baltimore, ndipo amayi ake adzakwera ndege."

"Aukankhe ndi phazi."

"Ndiye a Katongo adzati ngakhale a Yotam avomereza mpira wamiyendo."

"Muupereke inuyo m'malo mwawo."

"Ine sindine wotseka. Ndine wotsegula. Sabata ino yonse ndakhala ndikutsegula."

A Medson anaimirira n'kuyamba kuzungulira tebulo, chikwama chikuwapinga nthawi iliyonse akachipeza. "Ndiye palibe. M'mpingo wonse wa anthu amene akwanitsa kuthyola mkono ndi chikondi, palibe mmodzi amene angaponye mpira mphindi zochepa."

"Akufunika munthu woti alibe chotaya."

"Kutanthauza?"

"Woti anthu akumunena kale."

"A Daniel."

"A Daniel anawatsitsa pa udindo dzulo. Papezeka wina wamkulu."

"Ndani?"

A Gwendoline anatola lalanje lina.

"Alamu, ndani?"

"Akuti, anatumiza khamu ndani? Akuti, atatumiza khamulo mwini wake anali kuti? Ku New York, kutali, foni yothimitsa, kuti adzati sindinalipo. Akuti, pa anthu onse a mumpingo, amene sanawagwire dzanja a Yotam ndi mmodzi yekha."

"Ndinali pamsonkhano. Gulupu ndimaitseka pakamwa ndikakhala pamsonkhano, imalira ngati achule."

"Ine ndikungonena zimene zanenedwa pampando umene mwakhalawo."

"Mchimwene wanga weniweni, bere limodzi. Ndifuniranji malo ake?"

"Akuti kuyambira ku Zomba muli ana, iwo akaponya mwala mango ankagwa, inu mukaponya kunkasweka zenera. Akuti zinthu zotere zimakhala mumtima."

"Wanena zimenezo ndani?"

"Amuna anga. Koma iwo amangofotokoza za mango. Enawo ndi amene anamalizitsa."

"Ndipo inu munawayankha chiyani?"

"Ndinati alamu anga sangachite zimenezo, chifukwa mapulani awo sanayendepo bwino chonchi."

"Mwanditchinjiriza kwambiri."

"Ndi udindo wanga."

A Medson anaseka kaphwete kouma. "Chabwino. Zamveka. Popeza ndine mfiti ya ku Maryland, ndiye ndiponye ine. Eya, ndiponye ine. Ndivale gulovu, ndikwere pachulu, ine amene nditaponya komaliza mpira unakagunda woimbira pabondo, wachiwiri n'kukalowa m'galimoto ya ayisikirimu. Anyamata a ku Dominican adzafa ndi mantha. Lengezani, alamu. Dziko lonse limve kuti wotseka wapezeka."

A Gwendoline anapukuta manja pa chitenje, anatulutsa foni, anavala magalasi, n'kuyamba kulemba ndi chala chimodzi.

"Mukutani?"

"Ndikulengeza."

"Kulengeza chiyani?"

"Dziko lonse ndilibe nambala yake. Ndayamba ndi gulupu ya mpingo. Ndilembe kuti mwadzipereka, kapena mwavomera?"

"Alamu, ndimangonena."

"Inde, mwanena. Ndamva ndi makutu anga. 'Mwadzipereka' akumveka bwino, enawo angakuipitsireni mbiri."

"Musatumize."

"Mukadanena msanga."

Foni inalira. Inaliranso. Kenako inayamba kulira mosalekeza, ngati achule aja.

"Fufutani."

"Aona kale. Themba akuti Mulungu ndi wabwino. A Daniel atumiza zithunzi za manja owomba, mzere wonse. A Chalwe akufunsa ngati woimbira ndi yemwe uja, kuti amuchenjeze."

"Lembani kuti kunali kuseka."

"Kuti aziti munapweteka mkulu wanu kenako n'kumaseka? Ine sindilemba."

"Ndiye ndikaponya, adzati n'zoona, ndinkafuna malo."

"Mpaka ataona mmene mumaponyera. Pamenepo dzina lanu lidzayera."

"Ndipo timu?"

"Mwina anyamata aja sanaonepo mpira ngati wanu. Munati mpira wa achimwene anu sautulukira chifukwa umachedwa. Wanu sadzautulukira chifukwa sudzafika."

A Medson anaima pakati pa malalanje, akupuma ngati a Chalwe pakati pa masewero. Anazungulitsa phewa lamanja kamodzi, kawiri, ngati akulifunsa maganizo. Linalira pang'ono.

"Kwatsala mawa lokha," anatero motsitsa. "Mawa lonse ndikhala kuseri kwa nyumba ndi mpira. Ndikapumitsa mkono bwino usiku, mwina... Alamu, ndipatseni foniyo ndione zimene akulemba."

Anatulutsa dzanja lamanja n'kulitambasula. A Gwendoline analiyang'ana pamwamba pa magalasi, nkhope ili ya chisoni ngati akutsanzikana nalo.

"Bwezerani m'thumba, alamu, lipumeko lero. Abusa akuti mawa mpingo wonse ufika kwanu kudzakulimbikitsani, pasapezeke wotsala. A Katongo apempha kukhala oyamba."